Ndevu za a Nedson

Bambo a Fundo,

Dzulo munawamva nokha achimwene anu a Nedson akudzitama pakhonde kuti pulogalamu yawo yolembera mabelo a fodya ikakana kugwira ntchito adzameta ndevu. Ine ndinangoti "zikomo alamu" n'kupitiriza kuchapa.

Yakanatu. Andiimbira kuchokera kukalabu ya alimi ku Kaomba kuti akamailumikiza ndi laibulale yake, nkhokwe ya tizigawo timene pulogalamuyo imadalira, kompyuta ikungoti "undefined reference". Pulogalamuyo ikuitana dzina la kachigawo kowerenga sikelo, koma mulaibulale ya kumeneko dzinalo mulibe, ndi yakalekale. Yatsopano a injiniya athuwa anaisiya mulaputopu yawo, yomwe aiiwala pampando pathu pano. Panopa akuti vuto ndi fumbi la ku Kasungu.

Lole yonyamula mabelo ifika mawa m'mawa, ndipo belo losalembedwa silikwera, ndiye ndakwera kabaza kukawapatsa laputopuyo. Pepani, nkhomaliro muona nokha chochita. Ndiwo zili m'poto, ngati mphaka sanakutsogolereni.

Mukaweruka kusukulu mutipeze konko, musaiwale lezala ndi sopo. Alimi akuti ayala kale mabenchi pansi pa mtengo wa mango, ndipo atcheyamani apempha kuti tsaya lakumanzere likhale lawo.

Ndine,
Make Fundo