Nyumba Yodya Utsi

4 Malichi

Abwera a kuboma. Akhoma chikwangwani chachitsulo pakhomo, akuti nyumba yathu ndi chuma cha dziko. Zaka mazana awiri, matabwa ogwirana okha, popanda msomali ndi umodzi womwe. Lero yalandira inayi. Bambo ankatsinzina hamala ikamagunda, kenako anavala jekete yawo yabwino kuti ajambulidwe.

Kugulitsa ayi. Kugwetsa ayi. Ngakhale kukulitsa kazenera ka kuchipinda kwanga, ayi.

6 Malichi

Moto m'mawa, monga masiku onse. Nkhuni za paini pa dzenje la pakati pa nyumba, mpaka utsi ukhute kudenga. Utsi ukasowa matabwa amafumbwa. Amayi anauyatsa zaka makumi atatu, anamwalira akutsokomola. Bambo chigwereni chaka chatha, mwendo ndi dzanja lamanja sizinabwerere.

Dzina la achimwene Dezhong lili pa mtanda waukulu wa denga, pafupi ndi la agogo. Achimwenewo ali kutali, mumzinda wa Shenzhen. Langa palibe. Ine ndili pano ndi machesi.

9 Malichi

Cuifeng wabwera kudzaona makolo ake. Tinkakhala benchi limodzi kusukulu. Tsitsi lofiira tsopano. Akuti ku fakitale ya nsapato ku Dongguan akufuna anthu, za sukulu safunsa. Basi inyamuka pa 21.

"Iwe Qiaomei, ukununkha ngati nyama ya nkhumba yowamba. Kapena ukudikira akupachike kudengako?"

Ndinaseka. Atachoka ndinanunkhiza malaya anga.

12 Malichi

Ndinapita kwa azakhali tsidya la msewu. Ndinawapempha kuti azisamalira bambo ine ndikapita. Akuti mpunga wa bambo aziphika, kuchapa azichapa. Moto wokha ayi. "Maso anga atha kale, otsalawa ndiwapereke kwa matabwa?"

Ndiye basi. Bambo sindinawauze chilichonse.

14 Malichi

Alendo khumi ndi anayi a mumzinda. Amasisita nsanamira ngati mwana. Mayi wina anandikhazika pafupi ndi moto kuti andijambule. "Usamwetulire, mwanawe, ukuoneka bwino choncho, ngati wakalekale." Misozi ya utsi anaijambulanso.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri.

17 Malichi

Abweranso a chikwangwani aja. Akuti m'nyumba yotetezedwa moto wa nkhuni ndi woletsedwa, ingapse. Atisiyira kambaula ka magetsi ndi chozimitsira moto chofiira. Dzenje alivundikira ndi lata.

Bambo anati, "Inu ophunzira, nyumbayi imadya utsi. Mwaikhomera chikwangwani kuti muiphe ndi njala?" Iwo anangoseka mwaulemu, n'kuwapatsa ndudu.

Mulungu andikhululukire ngati alipo, mtima wanga unadumpha. Popanda moto azakhali akwanira.

18 Malichi

M'mawa woyamba wopanda utsi. Sindinadziwe pogwira. Ndachapa tsitsi kawiri.

20 Malichi

Ndawauza bambo. Ndinkayang'ana pansi nthawi yonse. Iwo anati, "Pita. Tenga juzi ya amayi ako, m'basi mumazizira." Za nyumba sananene kanthu. Maso awo ali kudenga tsiku lonse, ngati akumvetsera china chikuboola.

Chikwama chili pakhomo. Cuifeng akuti ndisachedwe, woyendetsa sadikira.

21 Malichi

Ndinali nditatuluka kale. Ndinabwerera juzi ija.

Lata lili pambali. Bambo ali pansi, akwawa okha kuchoka pampando, bokosi la machesi ali nalo kumano, akukhwatcha ndi dzanja lamanzere. Timitengo tothyoka mbwee. Kamodzi kanayaka, kanagwera pa thalauza la mwendo wakufa uja. Sanamve. Ndinazimitsa ndi manja.

"Pita iwe, basi ikusiya. Ndiphunzira."

Mawa adzayesanso. Mkucha adzayesanso. Azakhali amabwera masana.

Ndinawalanda machesi. Ndinati ndingowayatsira lero lokha, mwamsanga. Kumsika basi inaliza hutala kawiri, kenako kamodzi kotalika.

Nkhuni zinali zonyowa. Zinachedwa kugwira.

25 Malichi

Moto m'mawa, chitseko chotseka kuti a kuboma asaone. Chikwama sindinamasule. Nachonso chayamba kununkha utsi.