Timbale ta Pansi pa Mpungabwi

Lolemba, 4 Novembala

Ine, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene ndinaphunzitsa Chilatini zaka makumi atatu ndi zisanu, wamasiye kwa miyezi khumi ndi umodzi tsopano, ndatsegula kope ili kuti likhale mboni yanga. Mwana wanga wamkazi, namwino, wakana kubwera ndi khanda lake m'nyumba muno pa tchuthi. Mdzukulu wanga woyamba, ndipo sindinamunyamulebe. "Bambo, nyumba yanu yasanduka msika wa udzudzu," anatero pa foni. Msika! Nyumba imene iyeyo anakuliramo osagonako ndi malungo. Ndidzaonetsa kuti njira za malemu amayi ake sizinafe nawo limodzi.

Lachitatu, 6 Novembala

Zonse monga ankachitira. Miphika isanu ndi iwiri ya mpungabwi pakhonde, uliwonse pa kambale kake. Makoko ouma a malalanje pa makala dzuwa likapendeka. Mazenera otseka, malaya a manja aatali.

Utsi wa malalanje uja wandikhazika pansi. Zaka zimene ndinkachonga makope pa tebulo ili, malemu ankabwera atafikisa masamba a mpungabwi m'manja. "Aphunzitsi, udzudzu sudziwa Chilatini. Tambasulani mkono." Ndinkatambasula, maso ali pa kope. Zikomo sindikumbukira ngati ndinanenapo.

M'mawa uno, zotupa zisanu ndi zinayi m'miyendo.

Loweruka, 9 Novembala

Telala wa nyumba yoyandikana nayo wandibweretsera neti imene mwana watumiza. Ndayiika m'kabati ndi pepala lake lomwe. Iye, akundiyang'ana ndikukanda: "Achikulire, ulemu wanu tikuudziwa ife, koma udzudzu sunauzidwe." Munthu wosaphunzira, koma lilime lakuthwa ngati sizasi yake.

Mpungabwi ndikuthirira kawiri pa tsiku, kufikira timbale titadzaza. Wabiriwira kuposa m'masiku a mwini wake. Pa ichi chokha ndikunyada.

Lamlungu, 17 Novembala

Masiku asanu ndi awiri opanda cholembera m'manja. Malungo. Zilembo zanga zikuchititsa manyazi.

Mwana anabwera Lachiwiri, yekha, khanda atalisiya kwa apongozi ake. Za neti sanatchule. Atandimwetsa mankhwala anandigwira mkono mpaka pakhonde, nanyamula mphika umodzi. M'kambale, madzi obiriwira, ndi timphutsi ta udzudzu tikuphiriphitha. Mphika wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinanyamula ndekha.

"Bambo, mwakhala mukuweta," anatero motsitsa mawu. Akanakalipa zikanandipepukira.

Lachiwiri, 19 Novembala

Chinthu chimene ndinachiona zaka makumi anayi osachizindikira. M'mawa uliwonse, tiyi asanateleke, malemu ankakweza mphika uliwonse, kutaya madzi a m'kambale, kukapukuta ndi chiguduli. Madziwo ankayenderera pa sitepe pamene ndinkaika nsapato zanga zopolisha. Ndinkakalipa. Kangati! "Madzi ogona m'mbale salowa m'nyumba mwanga, Aphunzitsi. Sunthani nsapatozo." Ine ndinkayesa ukhondo chabe wa munthu wosafuna kukhala pansi.

Ndinasunga fungo, ndinasunga utsi, zokoma m'mphuno. Ntchito yowerama ndinaisiya, pakuti sindinkaiyesa nzeru. Ine amene ndinkakwapula ana chifukwa chodumpha mzere umodzi powerenga.

Lachinayi, 21 Novembala

Ndatsimikiza mtima, ndipo ndikulemba kuti ndisabwerere m'mbuyo. Timbale tizitayidwa madzi m'mawa uliwonse, ndi manja anga. Mpungabwi ndi malalanje zikhala, pakuti ndi za malemu, mwini nyumba. Neti yatuluka m'kabati. Telala wandikhomera misomali, ndipo waseka mokwanira. Ina ndigula, ndipachike pa kabedi kamene mwana wanga ankagonapo, kamene ndakatsitsa kudenga dzulo. Kalata yopita kwa iye ndalemba, mizere itatu, wachiwiri ndi wakuti: ndinalakwa.

Lero ndataya madzi koyamba. Nsapato ndinaiwala kusuntha, zanyowa. Sindinazipukute.

Ndasaina ndi inki yofiira,
Ine, Mphunzitsi