Aphunzitsi anga anapuma ntchito, koma mpeni sakuusiya

Aphungu,

Lolemba loyamba nditasankhidwa kukhala mkulu wa dipatimenti ya opaleshoni pa sukulu yathu ya madokotala, ndinagogoda pa chitseko cha ofesi yanga yomwe, n'kuima panja kudikira kuti andiyankhe. Mlembi anangondiyang'ana, amvekere, "Adokotala, makiyitu ali m'manja mwanumo." Ndinaseka nawo, koma nditalowa ndinaona kuti sindinalakwe kwenikweni. Jekete la Apulofesa, amene ndinalowa m'malo mwawo atapuma ntchito, linali likadali pa msomali.

Apulofesa ndi amene anandiphunzitsa kusoka bala langa loyamba. Anayendetsa dipatimentiyi zaka makumi awiri ndi zitatu. Tinatsanzikana nawo bwinobwino, zolankhula zinalankhulidwa, ena mpaka misozi, tinawapatsanso wotchi yapakhoma. Zikuoneka kuti wotchiyo ndi imene imawadzutsa, chifukwa mpaka lero saphonya Lachiwiri ndi Lachinayi, masiku a opaleshoni zikuluzikulu. Amafika, n'kusamba m'manja, nesi n'kuwaveka magolovesi ngati kale. Palibe amawaitana, palibenso amawaletsa.

Nkhawa yanga ili pa mphunzitsi mnzanga amene ophunzira anam'patsa dzina loti Agwirani-apa, poti kwa zaka zisanu ndi zinayi ntchito yake yakhala kugwira bala kuti Apulofesa aone bwino. Ndi dokotala wa manja abwino, mapepala onse ali nawo, koma opaleshoni ya chithokomiro sanaichitepo yekha kuyambira podula mpaka potseka. Sabata yatha ndinalemba dzina lake pa ndandanda. Atangoti ayambe, Apulofesa anati, "Taimani mwana wanga, ndingokuyambirani." Anamaliza okha. Ndipo ine ndinaona zimene aliyense anaona koma osanena: dzanja lawo layamba kunjenjemera.

Mawa lake mnzangayo anabwera ku ofesi, ndi mpando womwe anaukana. Anati, "Achemwali, imvi zayamba ine ndikadali wogwirira. Ophunzirawa ndiziwaphunzitsa chiyani, kugwira? Chipatala china chandiitana. Ndiwayankha mwezi uno ukamatha."

Akachoka ameneyu, ndilibenso wina womusiyira ophunzira. Nthawi zina ndimaganiza zongotenga opaleshoni zonsezo n'kumachita ndekha kuti pasakhale mkangano. Nanga munthu amene anandiimira pamene ena ankati mkazi sangapirire ntchito imeneyi, ndimuuze bwanji kuti avule magolovesi?

T. W. N., kusukulu ya madokotala

Adokotala,

Ulemu umene muli nawo pa aphunzitsi anu ndaumva, ndipo ndi wabwino. Koma wodwala amene wagona pa tebuloyo sanavomere kuti khosi lake likhale pothokozera Apulofesa. Mnzanuyonso sanaphunzire zaka zonsezo kuti akakalambire m'mbali mwa tebulo. Mwezi ndi wochepa, ndiye tiyeni tifulumire.

Pitani kunyumba kwawo sabata yomwe ino, nokha. Musalembe kalata, musakanene pa msonkhano, musawaimikenso pakhonde ophunzira akudutsa. Za dzanjalo nenani mosazungulira. Dokotala wa msinkhu wawo analiona kalekale inu musanalione, ndipo n'kutheka kuti akungosowa munthu womukhulupirira woti awauze. Munthuyo ndi inu, chifukwa cha zomwezo zimene anakuchitirani.

Mukatero, apempheni chimene sichikunjenjemera: maso awo ndi mutu wawo. Azikhala pa mpando kumbuyo kwa wodula, opanda magolovesi, aziyankha akafunsidwa. Zimenezi zikhale za miyezi itatu, ndipo za tsiku lomaliza mugwirizane musanachoke kunyumba kwawoko, apo ayi mudzatsanzikana nawo kachitatu.

Mnzanuyo musamupatsenso malonjezo, wakhuta nawo. Muitaneni, ndi dzina lake lenileni, mumuonetse ndandanda ya miyezi itatuyo, dzina lake lili pa malo a wodula, inu mutasaina. Nesi wamkulu mumuuze kuti magolovesi ndi a okhawo amene alembedwa. Koma musamusiyire nesi nkhondo yanu. Lachiwiri loyamba muime nokha pa mpope wosambira m'manja paja.

Apulofesa akhoza kukwiya, mwinanso osakulankhulani chaka chathunthu. Zidzakuwawani. Pirirani, ndipo musasiye kukawaona.

Chenjezo langa lili pa inu mwini. Mawu anu aja oti "ndizichita ndekha" andiopsa kuposa dzanja lonjenjemeralo. Apulofesa nawonso anayamba choncho, ndi mtima wabwino, pofuna kuti zinthu zisalakwike. Manja anu ndi olimba lero, ndiye palibe amene adzakuletseni kwa zaka makumi awiri zikubwerazi.

Ndiye tsiku lomalizalo muchite izi. Mnzanuyo akangoyamba opaleshoni, atengeni Apulofesa muwaperekeze mpaka pa geti. Yendani pang'onopang'ono, monga ayendera munthu wamkulu. Muime pomwepo mpaka galimoto yawo itakhota. Ndipo pobwerera, Adokotala, musathamange.