Mbalame Zovala za Mvano

Thamesmead, London

Okondedwa achimwene a Morton,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Lachiwiri lapitali kuntchito anatituma kuperekeza okalamba amene timawasamalira kukaona nyama ku zuu. Ine ndinkakankha wilutcheya ya gogo wina wachizungu, a Bruce. Kunali chifunga masanasana, anthunso ochepa.

Tinayambira padziwe la masilu, nyama zonga katumbu koma zonenepa ngati thumba la chimanga. Amazionera pagalasi zikusambira. Imodzi inabwera n'kuima chilili m'madzimo, maso ali pa ine, osaphethira. Itavuuka inatsokomola. Achimwene, chifuwa chija cha malemu amayi, chokoka kawiri kenaka zii!

Ndinakankha msangamsanga mpaka kwa mapengwini. Izi ndi mbalame zosauluka, zoyenda ngati anthu, zoyera kutsogolo, zakuda kumbuyo. Zinali zitandanda mzere zili chete, ndendende amayi a Mvano pamaliro. Imodzi inaima payokha, nthenga za kumutu zitathothoka zonse. Wozidyetsa anaiponyera nsomba, iyo osayang'anako n'komwe. Inangotitsata m'mbali mwa mpanda, ife tikaima nayonso n'kuima.

A Bruce, munthu woti ndi dzina la mwana wawo lomwe anaiwala, anandigwira dzanja, kuloza mbalame ija, n'kundifunsa kuti mayi uyo akufuna chiyani kwa ine, nanga bwanji sindikumupatsa. Wozidyetsa uja anaseka, akuti ndi nyengo yosintha nthenga basi. Mwina n'zoona. Koma ine kuyambira tsiku limenelo ndi tiyi yemwe sakutsika.

Ndiye ndiulule. Duku loyera la Mvano la amayi, lija munalisowa tsiku lowasambitsa mpaka kuwaika ndi lobwereka, lili kuno. Ndinalitenga ndine chaka chatha ponyamuka, osawapempha, chifukwa linkanunkhira iwo. Akazi anu, alamu anga a Taonga, sanabe kanthu. Tsiku munandiuza pafoni kuti azakhali akuti alamu analitengera mankhwala, ndipo inu mwawabweza kwawo ku Mponela, ndinali nditakhalira sutikesi momwe munali dukulo. Ndinangoti pepani. Manyazi anandimanga pakamwa, poti ndi kumaliro komwe sindinabwere, mapepala anga asanatuluke. Miyezi isanu tsopano ana anu ali opanda mayi wawo chifukwa cha ine. Ndikuchita mantha, ndiponso ndikudzida.

A Lumbani, amene timapemphera nawo ku Lewisham, akubwera kumudzi sabata yamawa, ndipo ndawapatsira dukulo. Pempho langa ndi limodzi: musalilandire muli nokha. Mukawatenge alamu, muitane azakhali ndi onse amene anawaloza chala, kalatayi iwerengedwe mokweza osadumpha mzere, ndipo phukusilo alimasule ndi alamuwo. Zoti dukulo lipite kumanda kapena kumpingo, aweruze abusa.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali ndi adzukulu onse a malemu. Kwa alamu musapereke moni wanga, sindikuyenera. Akadzalola okha kumva mawu anga mudzandiimbire, ngakhale atangofuna kunditukwana. Ndidzamvetsera mpaka amalize.

Ine mlongo wanu wolakwa,
Rabecca