Nkhanu Yabuluu M'thanki ya Ababa

14 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo miyendo yaleka kutupa ndi kuimirira kwa kuchipatalako. Kuno tonse tadzuka. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandidula pakamwa, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto musanayambe kundikalipira.

Mwezi wathawu ndinkakuuzani kuti kamera ya foni yanga yawonongeka. Sinawonongeke ayi. Ndinkaopa kuti muona thanki ya nsomba ya ababa, komanso muona ababawo.

Pochoka paja munamata pepala pakhoma lakuti, "Osaikamo chilichonse osandifunsa." Ndinamvera miyezi isanu yathunthu. Madzi ndinkasintha Loweruka lililonse, sefa ndinkatsuka, ndipo ababa ankaswera pampando wawo kuyang'ana tinsomba totchedwa magupi ndi timilamba tandevu tisanu ndi kamodzi tija. Mukudziwa kuti chiwagwireni sitiroko mawu amawatuluka movutikira, koma kamlamba kakakulu kamene anakatcha Kapitawo ankacheza nako kuposa ife ana awo.

Tsiku lina ndikumeta munthu kubabashopu kwanga, kunabwera bambo wina ndi ndowa, akugulitsa nkhanu zamchira, zabuluu ngati wachita kuzipenta. Ndinamufunsa ngati zimakhalitsana ndi nsomba. Iye amvekere, "Achimwene, iyi ndi m'busa, siyambana ndi aliyense." Ndinagula imodzi, mumtima ndikuti ababa akasangalala.

Patapita masiku atatu gupi mmodzi anasowa. Ndinati mwina pampu yamukoka. Kenako zomera zinayamba kuyandama zili zidutswazidutswa, timilamba tiwiri osaonekanso. M'busa uja masana ankangokhala phee kuseri kwa mwala, ndevu zokha zikugwedezeka, moti sindinamuganizire n'komwe.

Chimene chikundichititsa manyazi kwambiri ndi ichi. Paja ababa amadyera pafupi ndi thankiyo. Ndikangowaikira mbale, ankati, "Chotsa." Ine n'kuchotsa mbale. Iwo n'kumenya mpando ndi dzanja labwino lija, "Chotsa! Chotsa!" Ine n'kuchotsanso kapu. Nthawi zina ndinkawanyengerera ngati mwana, iwo n'kutembenukira kukhoma misozi ili lengelenge. Masabata awiri ankangolawa masupuni awiri kapena atatu, mpaka lamba tinaboola bowo lina. Tinapita nawo kuchipatala, adokotala osapeza kanthu. Ine ndinayamba kuganiza kuti ababa atopa ndi moyo, ndipo ndinasowa poyambira kukuuzani.

Anatulukira zonse ndi alamu anu. Lachiwiri lina masana akuchokera kokayanika zovala, anapeza ababa ataimirira okha, ndodo ili pansi, dzanja lili m'madzi ndi kasefa ka tiyi, akulimbana ndi nkhanu ija itapana Kapitawo kumchira. Alamu anu anaponya beseni n'kuwagwira m'chiuno asanagwere pagalasi. Atandiimbira anangoti, "Bwerani mudzachotse chilombo chanuchi. Akuluwa akhala akukuuzani, inu makutu muli nawo ometera okha." Ndinasiya kasitomala mutu utametedwa mbali imodzi.

Madzulo ake ababa anamaliza mbale yonse, napempha ina. Ine ndinakalirira kubafa.

Loweruka ndinawakweza takisi kupita kusitolo ya nsomba ija munkagulako. Mayi wa pamenepo anakukumbukirani. Nditafotokoza, anagwira pakamwa.

"Bambo, chilichonse chokhala ndi zala zopanira chimagwira chogona pansi. Timilamba timagona pansi, ndiye munatitsekera m'chipinda chimodzi ndi wakuba."

Ine pofuna kukonza mlandu ndinaloza nsomba ina yaikulu yamizeremizere, yokongola zedi. Mayiyo anapukusa mutu.

"Mwayambanso kusankha ndi maso. Muziyamba mwayang'ana kukamwa. Chimene chingalowe m'kamwa mwa nsomba, kwa iyo ndi chakudya. Kenako muzifunsa kuti imakhala pamwamba, pakati kapena pansi, imafuna madzi ofunda bwanji, ndipo ikakula idzafika pati."

Atatero anasiyana nane n'kukokera mpando pafupi ndi ababa. "Agogo, thanki ndi yanu. Mukufuna ziti?"

Achemwali, anawadikira. Sanawamalizire mawu ngati mmene ndimachitira ine. Ababa anavutika kaye, kenako anati, "Anzake a Kapitawo." Mayiyo anati akunena zoona, timilamba timeneti tikachepa timachita mantha n'kumangobisala. Tinatenga titatu. Ababa analozanso nkhono ziwiri zamawanga, zoti zizidya ndere pagalasi, ndi tinkhanu tofiira ting'onoting'ono totchedwa mashirimpi. Ine nditangomva zoti tinkhanu ndinadumpha, onse n'kundiseka. Akuti timeneti sitingagwire nsomba, ndife amene tiyenera kutiikira zomera zambiri kuti tizibisalamo.

Zatsopanozi tinazisunga kaye padera masabata awiri kuopa matenda, ndipo zalowa m'thanki Lamulungu lapitali. Mmawa uliwonse ine ndi ababa timawerenga limodzi, iwo mokweza, ine chamumtima, ndipo palibe chasowa. Mchira wa Kapitawo wayamba kumera. M'busa uja ali yekha m'kathanki kubabashopu, makasitomala amamukonda kwabasi, ena amabwera kudzangomuona tsitsi lili lalifupi kale.

Chonde mukamabwera mudzatitengereko kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi, kathu kaja manambala anafufutika. Pepala lanu lidakali pakhoma, alamu anu alembapo mzere wina pansi pake umene sindikuuzani.

Alamu anu akupereka moni wambiri. Azakhali anabwera Lachisanu, akuti ababa masaya abwerera. Ndisanatseke envelopu ndawawerengera ababa kalata yonseyi, kenako ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuzeni. Ndawadikira, cholembera chili m'manja, mpaka anena okha. Akuti akusowani. Akutinso mundikalipire ndithu, koma pang'ono.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira