Akhristu a M'mabotolo

Jenala,
Phalombe.
14 Okutobala, 2024.

Okondedwa achimwene a Thomson,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Ine kuno mtima suli m'malo, ndiye mundipirire ndikamalemba mothamanga.

Paja pochoka ku koleji kudzadwazika amayi ndinabwera ndi timabotolo ta kafukufuku wanga wa chaka chomaliza. Ndinasungunula mankhwala awiri ofanana ngati mapasa, osiyana atomu imodzi yokha, n'kuwasiya kuti aziuma pang'onopang'ono mpaka mumere makhiristalo, timibulu tonga ta mchere. Ndimafuna kuonetsa kuti onse awiri amasanjana mofanana. Chimene chimasanja mamolekyu ake si mphamvu yaikulu ayi, koma kukokana kofooka zedi, kongokhudzana chabe. Ukangogwedeza botolo, basi zasokonekera.

Ndiye tamvani zimene achita mayi anuwa! Atamva mawu akuti makhiristalo, anauza anzawo a kumpingo kuti Eveles akulera Akhristu m'mabotolo. Lachinayi ine ndili ku Migowi kogula mankhwala a amayi, azimayi aja anabwera kudzazonda odwala, n'kupempha kuti awaoneko Akhristuwo. Aliyense kunyamula botolo, kuliunika padzuwa, kulikhutchumula kuti mwina aoneka. Mmodzi wa iwo, a Violet, mpaka anayambitsa nyimbo! Pobwera ndinapeza zonse zasanduka phala. Ndinakalipa, achimwene, pamaso pa alendo pomwepo, kenako ndinakalirira kuseri kwa khitchini.

Aphunzitsi anga ati kumudzi kuno sizingathekenso. Ndibwerere ku labu mwezi uno usanathe ndikayambirenso, apo ayi chaka chonse chapita. Nanga amayi ndiwasiyira ndani? Mwendo wawo wakumanzere uja sunayambebe kugwira ntchito. Chonde bwerani, olo mpaka Disembala basi. Musandiyankhenso kuti "tiona", mawu amenewo ndatopa nawo.

Chikundisowetsa mtendere kwambiri n'chakuti amayi anamva zonse ndikulankhula pa foni ndi aphunzitsiwo. Chiyambire tsiku limenelo akudzionetsa ngati achira. Dzulo anatenga tsache kuti asese pabwalo ine ndikuona, ndipo anagwera pakhomo pomwepo. Ndikuwadzutsa, iwo akuti, "Mwanawe, ndangopunthwa, pita ukamalize sukulu yako."

Moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akupereka moni, ndipo andilumbiritsa kuti ndikuuzeni kuti ali bwino, musavutike n'kubwera. Ndiye ndakuuzani monga andituma. Ndikulemba kalatayi ndili pambali pa mphasa yawo, lero alephera n'kukhala tsonga komwe.

Ndine mlongo wanu,
Eveles.