Matumba a mu Nambala 14

Lolemba, 3 Novembala 2014

Msonkhano wa amayi a m'kampu. Kunabwera a Meja ochokera ku likulu kudzamva mavuto a nyumba. Aliyense chete, maso pansi. Koma ine pakamwa pangapa! Ndinangofunsa kuti bwanji Malita akupanikizana ndi ana asanu m'chipinda chimodzi pamene nambala 14 simugona munthu. A Meja akuti, nanga muli chiyani? Ine n'kunena kuti matumba a fetereza, uja wa makuponi, ndinaona akutsitsa pagalimoto.

A Sajeni oyang'anira nyumba anamwetulira, n'kulemba kanthu papepala. Potuluka palibe anayenda nane.

Lachitatu, 5 Novembala

Mpope wanga wauma. Kwa Dorika khomo lachiwirili madzi akutuluka bwinobwino, chonsecho paipi ndi imodzi. Ku ofesi a S., a Sajeni aja, akuti, "Tiona, Mayi Chikuse. Inu mumaona zambiri, mwina muonanso pamene pavuta." Mwaulemu zedi. Ulemu wakewo ndi umene wanditsata mpaka kunyumba.

Mwina paipi yangotsekeka. Mwina.

Lachinayi, 6 Novembala

Mu 14 mwasesedwa, chitseko chili pululu. Thumba ngakhale limodzi. Timibulu toyera tokha pakhonde, nkhuku zikujompha n'kusiya. Ndiye kuti wabodza ndine.

Loweruka, 8 Novembala

Asilikali awiri m'mawa, ndi zikwanje. Akuti dimba kuseri kwa nyumba n'losaloledwa. Mzere wonsewu aliyense ali nalo! Atchetcha langa lokha, mpiru, nkhwani, tomato amene anayamba kufiira. Mwana wanga Chiyamiko ankatola tomato wosapsa n'kumaika m'diresi, akuti tikaika padzuwa apsa.

Madzi ndikukatunga kumjigo wa kunja kwa geti. Mlonda amalemba nthawi imene ndatuluka. Kale ankalemba? Sindikukumbuka.

Lamulungu, 9 Novembala

Kutchalitchi benchi yonse ndekha ndi mwana. Pakhomo Malita monong'ona: "Achemwali, ndapota nanu, dzina langa musalitchulenso." Ndinkati ndikumuthandiza.

Masana onse ndakhala ndikuganiza za Jane, amene ankakhala m'nyumba muno ine ndisanalowe. Amati anadandaula za chimbudzi pamaso pa akuluakulu. Sabata isanathe mwamuna wake anasamutsidwa, katundu panja mvula ikugwa. Ine nthawi imeneyo ndinangosangalala kuti tapeza nyumba.

Pafelemu ya chitseko cha kuchipinda pali timizere ta pensulo, mmene ankayezera msinkhu wa ana ake. Zaka ziwiri ndikungodutsa. Lero ndagwada n'kuwerenga. Kamzere komaliza kalembedwa Novembala. Chiyamiko anabwera n'kuimapo, mutu wake ndendende pakamzerepo. Ndinamukoka mwamphamvu mpaka analira. Pepa mwanawe.

Lachiwiri, 11 Novembala

Abambo a Chiyamiko aimba kuchokera ku Congo. Asanandipatse n'komwe moni: "Fainess, walankhula chiyani kumeneko?" Nkhani yawapeza kutali konseko. Akuti aitanidwa n'kufunsidwa ngati mkazi wawo amamulangiza. Ndinawauza kuti amayi anga kumudzi ku Chulu chaka chino dzina lawo silinatuluke pa makuponi, akonza mizere koma alibe choti athire, ndiye ine ndione matumba akubisidwa khomo lachitatu n'kukhala duu? Iwo akuti, "Ine ndili kuno, sindingakuteteze." Mawu awo anali a munthu wotopa, osati wokwiya. Foni inaduka.

Lachinayi, 13 Novembala

Jombo zikamveka pamsewu ndimasiya chilichonse n'kuima. Zikadutsa ndimaiwala chimene ndimachita.

Lachisanu, 14 Novembala

Kalata. Nyumba ikufunika kukonzedwa, ndituluke pasanathe masiku asanu ndi awiri. Kolowera sanatchule. Denga silidontha, khoma lilibe mng'alu.

Ndinayamba kulongedza, mbale zinalowa kale m'katoni. Kenako ndinazitulutsanso.

Ndapita kwa abusa a m'kampu. Anamvetsera mpaka pamapeto, osandidula. Akuti ndisakangane ndi munthu, ndilembe zonse motsatana, tsiku ndi tsiku lake, amene anabwera, zimene ananena. Makalata awiri ofanana, imodzi kwa mkulu wa kampu, inayo andidindire ndisunge ndekha. "Sindikukulonjezani kanthu, mayi. Koma pepala lodindidwa silisowa msanga ngati mawu." Ndinafunsa ngati Jane analemba. Akuti ayi, Jane anangolira.

Masiku onse ali kale m'kope muno. Ndangokopera.

Loweruka, 15 Novembala

Mvula yoyamba. Fungo la dothi, ana akuvina panja. Ine ndikuyang'ana pabwalo, kuganiza pamene ankaunjika katundu wa Jane.

Lolemba, 17 Novembala

Ndikulemba pabenchi, panja pa ofesi ya mkulu wa kampu. Emmie, kalaliki wake, wadinda makalata onse awiri osandiyang'ana, n'kunena kuti ndidikire. Yanga ndaipinda, ili pachifuwa.

A S. adutsa pompano. "Mwadzuka bwanji, Mayi Chikuse?" Alowa iwo poyamba, osagogoda. M'katimo akuseka.

Ndinatsala pang'ono kunyamuka. Ndinali nditamanga kale chitenje.

Ndiye wafika Dorika, khanda kumbuyo, matope mpaka m'akakolo. Sabata ziwiri osandipatsa moni. Akuti, "Sunthako." Wakhala. Patapita nthawi, maso ali kukhoma: "Akafuna mboni ndilipo. Amuna anga sakudziwa kuti ndili kuno. Usandiyang'ane, ndingathawe."

Sindikumuyang'ana.

Emmie watsegula chitseko. Dorika wayamba ndiye kuimirira.